Sitima Yosanzitsa ya a Hilario

Malemu a Hilario ankakondwa munthu akasanza. Ndikunena kusanza kwenikweni, kotulutsa zonse zimene wadya kuyambira m'mawa, maso ali psuu, misozi ndi mamina zikutsikira limodzi. Anthu ena amasangalala mwana akabadwa kapena mapira akacha bwino, koma iwo nkhope inkawala pamene munthu wamkulu ndi ndevu zake wagwada pa beseni. Akamaliza, ankamugwira dzanja, dzanja lomwelo wangopukutira pakamwa, n'kumuthokoza m'chilankhulo chathu cha kuno kuti, "Takhuta, shamwali, mwandilemekeza."

Ine ndine Priscilla, mwini tiyirumu ya pafupi ndi njira yopita kudoko pamsika wathu kuno kwa Mbenje, ndipo khoma langa ndi la a Hilario linali limodzi. Choncho nkhaniyi sindinachite kuuzidwa. Ndinkaimva ndi makutu komanso ndi mphuno, ndipo ndi kutentha kwa kuno kwathu, mphuno ndi imene inavutika kwambiri.

A Hilario anakhalitsa ku Joni mpaka anthu anayamba kuwayesa akazi awo, a Imelda, namfedwa. Anzawo pobwerera kumudzi amabwera ndi malata, njinga yamoto, ena mpaka galimoto. Iwo anatsika minibasi ndi kachikwama kamodzi ndi laputopu yothyoka pakona, yomangidwa ndi mphira. Atafunsidwa ntchito imene ankagwira kumeneko, anati ankagwira pa sitima ya m'mwamba. Sitima yake, malinga ndi iwo, ilibe injini, ilibe denga ndipo sipita kulikonse. Imakwera pang'onopang'ono kupitirira mlambe, kenako imagwa, imazungulira chadodolido anthu miyendo ili kumwamba, n'kubwerera pomwe inanyamukira. Anati anthu amachita kulimbirana kuti akwere, ndipo iwo ntchito yawo inali yotsuka mipando ndi kukolopa pansi, chifukwa okwera ambiri ankasiya chakudya chawo komweko.

Msika wonse unaseka, koma amene anaseka kwambiri anali mlamu wawo, a Sebastiano, mchimwene wa a Imelda, amene amawolotsa anthu pabwato kupita ku Makhanga. A Sebastiano mawu awo padoko satsutsidwa. Akati lero madzi sawolokeka, palibe amene amawoloka. Anafunsa ngati a Hilario anakwerapo sitimayo, ndipo a Hilario anavomera kuti ayi. Nafenso sitinadabwe, chifukwa tonse tinkadziwa kuti munthuyu ankaopa ngakhale kukwera padenga la nyumba yake.

"Ndiye zaka zonsezi mlongo wanga akulima yekha, inu mukutsuka masanzi a sitima yoti kulibe?" anatero a Sebastiano. "Alamu, ine ndawolotsa anthu madzi atasefukira, ng'ombe zakufa zikuyandama m'mbali mwa bwato, koma nseru sindiidziwa. Sitima yanuyo ikadzandisanzitsa ine, ndidzavomera kuti ilipo."

Kuyambira tsiku limenelo a Hilario anasanduka a Chadodolido. Munthu akanama pamsika, anzake ankamuuza kuti asiye za sitima. A Imelda kumjigo ankafunsidwa ngati amuna awo amagonanso miyendo ili kumwamba. Zinali zoseketsa, inenso ndinaseka nawo, koma a Hilario zinawapweteka kwambiri. Ku Joni sanabweretse chilichonse kupatula nkhani imeneyi, ndipo ngati nkhaniyo inali yabodza, ndiye kuti zaka zawo zonse zinali zabodza. Anaganiza zoti sitimayo aimange konkuno.

Mu laputopu muja munali pulogalamu yomangira sitima zoterezi. Umayala njanji chidutswachidutswa, umaimika mizati, umapendeketsa makona, kenako umaona pagalasi ngati wakhala pampando wakutsogolo. Ine ndinkati ndi masewera a ana, koma ukatero ankakwiya kwambiri. Ankati pulogalamuyo sinama. Chitunda choyamba chikafupika, sitima imalephera kukwera chachiwiri n'kubwerera chambuyo. Kona ikathina kwambiri, pagalasi pamatuluka zofiira, kutanthauza kuti okwera onse akomoka kapena athyoka makosi. Iwo ankafuna sitima yomwe ija ankatsuka ku Joni, osawonjezera, osachotsera, ndipo muyeso wawo unali masanzi. Ankati pa sitima yeniyeni munthu amapirira kugwa koyamba, amapirira ndi chadodolido chomwe, koma amagonja pa kona yomaliza yokhotera kumanzere, chifukwa pansi pa kona imeneyo ndi pamene iwo ankakolopa tsiku ndi tsiku. Ya mu laputopu ikasanzitsa munthu pa kona yomweyo, ndiye kuti yafanana.

Zonsezi ankandifotokozera ataima pakhomo panga, ine ndikukanda ufa wa mandasi. Ankafika pofotokoza mitundu ya masanzi, a azungu ndi a anthu akuda, a ana ndi a oledzera, ine manja ali mu ufa, ndipo ndikawathamangitsa ankapitiriza ali pawindo.

Mwezi wa Okutobala laputopuyo inkatentha ngati mbaula n'kuzima yokha. Nyumba yonse inali ndi fani imodzi ya sola, ndipo faniyo inkakupiza laputopu, a Imelda akudzikupiza ndi chivindikiro cha poto. Tsiku lina a Hilario anatulutsa madzi akumwa mumtsuko kuti laputopu ikhale pamwamba pake izizizidwe. A Imelda anangobwera kwa ine kudzapempha madzi, n'kundiuza kuti akanadziwa kuti amuna awo abwera ndi mkazi wachiwiri wa mabatani, bwenzi atawauza kuti akhale komweko.

Posakhalitsa a Hilario anaona kuti kungoyang'ana pagalasi sikukwanira. Anatola bwato lobooka limene linatayidwa padoko, analidula pakati, n'kulikhazika pa matayala akale a thirakitala. Kutsogolo kwake anamangirirako TV yakale yolumikiza ku laputopu. Wokwera ankakhala m'bwatomo, iwo n'kumufunditsa bulangete pamodzi ndi TV yomwe kuti asaone zakunja. Kenako ankayatsa sipika yolira ke-ke-ke-ke ngati tcheni chokoka sitima, iwo n'kuima kumbuyo ndi mtengo wautali, kumapendeketsa bwato mogwirizana ndi makona. Pambali pankakhala beseni lobiriwira la pulasitiki.

Bulangete limenelo, abale anga, silinaonepo sopo. A Imelda ankati akalitenga kuti akalichape, a Hilario ankalilanda, amvekere mipando ya ku Joni imanunkhanso chimodzimodzi. Taganizani munthu kumufunditsa bulangete masana dzuwa la ku Nsanje lili pamutu, bulangete lomwe anthu ena atulutsiramo thukuta ndi zinazo. Ine mpaka lero ndimakhulupirira kuti ambiri ankasanzitsidwa ndi bulangetelo, sitima ankangoinamizira.

Woyamba kukwera anali a Lorenso, owotcha kanyenya. Anabwera akudzitama, atadya nyama yamafuta n'kutsirira thobwa. Sipika itangoyamba ke-ke-ke, sitima ikadali kukwera chitunda choyamba, tinamva kuti bwaa. Anthu anaomba m'manja, koma a Hilario anavundukula bulangete nkhope itagwa.

"Mwasanza msanga, a Lorenso," anatero. "Sitima isanagwe n'komwe? Kumeneku n'kuwononga ntchito ya mnzanu. Pitani mukadyenso, mubwere muchite zolongosoka."

Ndipo munthu wamkulu anamveradi. Analowa mu tiyirumu mwanga malaya ali nyowe, anaitanitsa tiyi ndi mandasi, makasitomala anga akutuluka mmodzimmodzi atagwira pamphuno. Atabwereranso anapirira kugwa, anapirira chadodolido, n'kugonja pa kona yomaliza. A Hilario ananyamula beseni lija n'kuyenda nalo msika wonse, kuonetsa aliyense ngati mwana wobadwa kumene. Atafika pakhomo panga ndinatseka chitseko n'kuikako mpiringidzo.

Basitu mbiri inamveka. Tsiku la msika pakhomo pa a Hilario pankakhala mzere: alimi a thonje, ogulitsa nsomba, amayi a kwaya ndi mayunifolomu awo oyera. Munthu ndi nzeru zake kuchoka kutali kudzataya chakudya chimene wachivutikira kumunda, n'kumabwerera akuseka. Beseni ankatsukira mungalande imene imadutsa pakhomo panga penipeni. Ntchentche za dera lonse zinasamukira kwathu. Abakha a aneba athu a Paison ananenepa chaka chimenecho mpaka kulephera kuyenda, ndipo ine nyama ya bakha ndinasiyira pomwepo.

Koma onsewa a Hilario sankawawerengera. Amene ankamufuna anali mmodzi, ndipo tsiku lina anabweradi. A Sebastiano anafika akutafuna matimati aawisi ndi mchere, monga amachitira tsiku lonse pabwato, n'kukhala m'bwato lodulidwa lija ngati akwera lawo. Msika wonse unasonkhana. Sitima inakwera, iwo ali phee. Inagwa, iwo ali phee. Koma pamene njanji inatembenuka, thambo pansi, nthaka kumwamba, thupi la munthu wa pamadzi linachita zimene linazolowera. Bwato likamagubuduka sudikira kuti likuvindikire. Tinangomva mfuu yoti, "Tagwa! Gwirani bango!" A Sebastiano anadumpha ndi bulangete lomwe, anagwera chafufumimba mu beseni mmene munali zimene anasiya wogulitsa nsomba wina, n'kuyamba kusambira pasimenti, miyendo ikumenya pansi.

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Ine ndinaona zimene zinkatsika m'ndevu mwawo, ndipo tsiku limenelo sindinadye. Koma a Sebastiano anadzuka mwaulemu wawo wonse, anapukuta kumaso ndi chipewa, n'kunena kuti, "Nkhabe, ayi ndithu. Kunyowa ndanyowa, koma kusanza sindinasanze."

Kuyambira pamenepo ankawamangirira m'bwato ndi chitenje cha a Imelda. Tsiku la msika lililonse a Sebastiano ankabwera, ankakwera mpaka kumapeto, akawamasula ankaimirira n'kunena kuti bwato lawo limagwedeza kuposa pamenepo. Akatero ankanyamuka chifuwa patsogolo, milomo atamanga, osapatsa moni aliyense, kulowera njira ya kudoko. A Hilario ankatsala atagwira mtengo wawo, thukuta lili kamukamu, kenako n'kubwerera pa laputopu kukakonzanso kona yomaliza. Ankaipendeketsa pang'ono, kuitambasula pang'ono, kukweza mzati umodzi, kutsitsa wina. Mvula inabwera n'kupita kangapo iwo akadali pa kona imodzimodziyo.

A Lorenso anawalangiza kuti angothinitsa konayo mpaka zofiira zituluke, kapena abise nsomba yowola pansi pa mpando, nkhani ithe. A Hilario anakana. Anati akatero sitimayo ikhala yabodza, ndipo iwo akhala munthu wabodza weniweni amene anthu amamunena uja. Ndinawada chifukwa cha ngalande, koma pamenepa ndinawapatsa ulemu.

Ine ndinalinso ndi vuto langa. Kuseri kwa tiyirumu yanga, pamene pamadutsa kanjira ka kudoko, ndinayamba kupeza mulu wa masanzi tsiku la msika lililonse. Ndinkathira phulusa, ndinkakwirira ndi mchenga, sabata yotsatira uli pomwepo. Ndinapita kukawakoka a Hilario ndi dzanja kuti adzaone ntchito za makasitomala awo. Ananjuta pansi, anatenga kamtengo n'kumatakasa modekha ngati mlangizi akuyeza nthaka, ine ndikuyang'ana kumbali. Atamaliza anaimirira n'kupukusa mutu.

"Uyu si wanga, mayi Priscilla," anatero. "Anga amasanzira mu beseni."

Ndiye mlandu ndinaugwetsera galu wa a Paison, amene ankakonda kuyendayenda kuseriko. Ndinamugenda ndi theka la njerwa mpaka anayamba kutsimphina, ndipo ine ndi a Paison tinasiya kupatsana moni. Mvula itagwa, pamalo pomwepo panamera matimati. Sindinaonepo matimati athanzi ngati amenewo, akuluakulu, ofiira, osagwidwa ndi matenda, pamene a kudimba kwanga ankafota. Makasitomala ankandifunsa manyowa amene ndimathira, ine ndinkangowauza kuti amwe tiyi wawo. Ndinawazula ndi khasu, chaka chotsatira anameranso.

Chaka chatha, madzi osefukira ataphwa, a Hilario anayamba kuwonda, miyendo ikutupa. Kuchipatala anawapatsa mankhwala n'kuwabweza kunyumba. Mtengo wopendeketsera bwato uja sankathanso kuunyamula, choncho mzere unatha ndipo sipika inakhala chete. Ankagona pamphasa pakhonde, laputopu ili pambali, chala chikuyendabe pa kona ija. Fani tsopano inkakupiza iwo, chifukwa a Imelda anailanda ndipo iwo analibe mphamvu zokanira.

Masana ena ndinawapititsira phala. Ndinapeza a Sebastiano atakhala pachitsa, chipewa chili pabondo, a Imelda akusankha mpunga chapatali. A Hilario ankalankhula motsitsa, moti ndinachita kuyandikira.

"Alamu, mwapambana," anatero. "Kona ija yandikanika. Masiku ano ndikagona ndimadzifunsa ngati ndinaiona bwino sitimayo. Mwina anthu amanena zoona, ndinangokhala kumeneko n'kumatsuka zonyansa za anthu, basi."

A Imelda anasiya kusankha mpunga n'kutembenukira kukhoma. Munthu amene anayenda ndi beseni msika wonse mutu uli m'mwamba, tsopano ankadzikayikira yekha, ndipo zinandimvetsa chisoni kuposa kutupa kwa miyendo yake. A Sebastiano anapotokola chipewa chawo nthawi yaitali, akuyang'ana pansi.

"Alamu," anatero pomaliza, "ine ndinkasanza."

A Hilario anatsegula maso n'kufunsa kuti liti.

"Tsiku la msika lililonse. Ndinkagwira ndi mano mpaka ndikafike kuseri kwa tiyirumu. Munthu wowolotsa anthu akadziwika kuti amasanza pasimenti, bwato lake akwera ndani? Komanso ndinali nanu mkwiyo chifukwa cha mlongo wangayu."

A Hilario sanalabadire n'komwe za chifukwa chimene anawazunzira nthawi yonseyo. Anadzutsa mutu pamphasa, mitsempha ya m'khosi ili njo, n'kufunsa chinthu chimodzi chokha.

"Pa kona iti?"

"Yomaliza ija, yokhotera kumanzere. Zina zonse ndinkapirira."

A Hilario anabwezera mutu pansi pang'onopang'ono. Nkhope ija inawala monga inkawalira pa beseni. Anatambasula dzanja, a Sebastiano analigwira, ndipo ndinamva a Hilario akunena chapansipansi kuti takhuta.

Apa ndi pamene mutu wanga unagwira nkhani yonse, mbale ya phala ikadali m'manja. Matimati aawisi aja ndi mchere! Ndinaiwala kuti pali wodwala. Ndinawafunsa a Sebastiano ngati doko lonse, mtsinje wonse wa Shire, zinawachepera kuti asankhe khoma langa. Ndinawakumbutsa phulusa limene ndinathira, galu wosalakwa amene akutsimphina mpaka pano, ndi moni wa a Paison umene ndinataya. Munthu wosatsutsidwa padoko uja anangoti zyoli ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'kamwa. A Hilario anaseka mpaka kutsokomola, a Imelda nawo akuseka misozi ikutsika. Kumeneko kunali komaliza kuwamva a Hilario akuseka, chifukwa sabata yomweyo anatisiya.

Pamaliro, itakwana nthawi yoti akuchikazi alankhule, a Sebastiano anaimirira. Tinkayembekeza mawu a nthawi zonse othokoza anthu obwera. Iwo anayang'ana khamu lonse, ogulitsa nsomba, alimi a thonje, amayi a kwaya, n'kunena kuti sitima ija ilipo, mlamu wawo sananame, ndipo iwo ndi mboni chifukwa inawasanzitsa osati kamodzi. Anawonjezera kuti wofuna umboni akafunse mayi Priscilla. Anthu anaseka pamaliro, abusa anayesa kudzigwira koma zinakanika, ndipo kuchokera tsiku limenelo sindinamvenso munthu akunena kuti a Chadodolido monyoza. Okwera bwato sanachepe. Akuti masiku ano aliyense wowoloka kupita ku Makhanga amamva za sitimayo kuyambira tsidya lino mpaka tsidya linalo, afune asafune.

Bulangete lija tinaliwotcha, ndipo utsi wake unathamangitsa udzudzu mbali yonse ya msika. Laputopu a Imelda anaikulunga m'chitenje chomangira okwera chija n'kuisunga m'sutikesi. M'bwato lodulidwa tsopano amasungiramo thonje. Ngalande ndi youma, ntchentche zabwerera kwa ogulitsa nsomba, ndipo makasitomala anga amamwa tiyi osagwira pamphuno. Ndi zimene ndinkapempha kwa Mulungu nthawi yonse ija, koma tsiku la msika limatalika. Ndikamakanda ufa ndimapezeka ndatchera khutu kukhoma, kudikira ke-ke-ke uja, kapena munthu woti ndimuthamangitse pawindo. Ndimawasowa, ndipo zimandikwiyitsa kuti ndimawasowa.

Matimati aja ameranso chaka chino, ngakhale palibe amene akusanzirapo. Khasu ndinalitenga, ndinafika nalo pamalopo, n'kulibweza. Kudya sindingadye, ndisaname, ngakhale mutandigwira pakhosi. Koma m'mawa uliwonse ndikatsuka makapu, madziwo ndimakathira pamenepo.